Gitala yamagetsi yakale: nditenge iti ndi ndalama zanga za soya?

Wa_ku_Santhe:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Ndimakhala ku Santhe ndipo ndimaimba gitala m'kwaya ya achinyamata kumpingo kwathu. Ndinayambira pa banjo yachigubu cha mafuta yokhala ndi mawaya a buleki ya njinga, kenako amalume anandisiyira gitala yawo yabokosi. Chaka chino soya wandikomera, ndiye ndaika pambali K250,000 kuti ndigule gitala yamagetsi yangayanga. Mtima wanga uli pa zakalezi. Pamaliro ena ku Chulu ndinamva bambo wina akuliza gitala yakale yokandikakandika, mawu ake onenepa bwino, ndipo mpaka lero sanandichoke m'makutu.

Ndapeza zitatu. Yoyamba ili pa Kasungu boma, kwa bambo wina amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Pamutu pake palembedwa Aria Pro II, ndipo pakachitsulo ka kumbuyo, pamene khosi lalumikizana ndi thupi, pali mawu akuti Matsumoku. Penti yake inasupuka pomwe pamakhala mkono, kogwirira voliyumu kamakhala ngati kakukazinga chimanga mukakapotoza, ndipo chochunira chimodzi n'chosiyana ndi zinzake. Akufuna K200,000.

Ina ndaiona pa Facebook, ili ku Lilongwe. Mwiniwake akuti ndi Fender Stratocaster ya m'ma 1970, yonyezimira, K150,000 yokha, koma akufuna nditumize kaye theka pa foni kuti andisungire. Kunena zoona imeneyi ndi imene ikundisowetsa tulo, chifukwa dzina la Fender aliyense amalidziwa.

Yachitatu ndi Teisco ya agogo ena chakufupi ndi Chinkhoma. Ili ndi ma pickup anayi (timaginito ta pansi pa nsambo totola mawu) ndi masiwichi ambirimbiri, yokongola modabwitsa, koma nsambo zake zakwera moti chala changa chaching'ono chimalowa pansi pake. Agogowo akuti ndingowapatsa ya feteleza thumba limodzi.

Amplifaya ndilibe. Pakadali pano ndizilumikiza pa ya kumpingo. Nditenge iti?

Wokonza_mawailesi_KU:

Mwana wanga, ya ku Lilongweyo uiiwale lero lomwe. Stratocaster yeniyeni ya zaka zimenezo mtengo wake umawerengedwa m'madola masauzande, palibe munthu angaigulitse pa ndalama imeneyo. Dzina la pamutu ndi kasitika chabe, amamata pagitala ina iliyonse n'kupaka vanishi pamwamba. Ngati ukufuna kudzikhutiritsa, umuuze akujambulire kumbuyo kwake ndi mutu wake. Zambiri za m'zaka zimenezo, kuyambira cha mu 1971, khosi lake limagwidwa ndi masikuluwu atatu osati anayi, mutu wake ndi waukulu, ndipo nati ya truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi choliwongolera, imatulukira kumutu konko. Uona kuti ayamba kuzengereza. Ndipo munthu wokuuza kuti utumize ndalama katundu usanamugwire m'manja, ameneyo sakugulitsa gitala ayi.

Aria ija ndiyo upite ukaione bwinobwino. Matsumoku inali fakitale ya mumzinda wa Matsumoto ku Japan. Isanayambe magitala inkapala makabati a makina osokera a Singer, choncho anali anthu odziwa thabwa. Inapangira makampani angapo, monga Aria, Westone ndi Epiphone, mpaka inatsekedwa mu 1987. Ndiye ngati kachitsuloko n'kake, gitalayo yadutsa zaka 35. Ambiri amazinyoza chifukwa dzina lake silomveka ngati Fender kapena Gibson, n'chifukwa chake mtengo wake umakhala wofikirika, koma kapangidwe kake n'kolimba.

Koma usagule chifukwa cha mbiri imene ndakuuzayi. Zimene watchulazo, voliyumu yokalasa, chochunira chachilendo, penti yosupuka, zonsezo ndi zazing'ono. Ndimakonza zimenezo pabenchi langa ndi kachitsulo kowotcherera. Chimene sindingakonze, ndipo sindikudziwa amene angachikonze kuno, ndi khosi. Ukafika, uichune kaye, kenako uike thupi lake pansi, uyang'ane kuchokera kumutu kutsetserekera kumunsi ndi diso limodzi. Uyang'ane mbali ya nsambo yaikulu, kenako mbali ya yaing'ono. Ngati mbali ina yakwera ina yatsika, khosilo linapotoka, bweza gitalayo, uthokoze, uzipita. Ngati langopindika pang'ono mofanana mbali zonse, limenelo ndi lochizika.

Kenako dina nsambo yaikulu pa fret yoyamba (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi) ndi dzanja lamanzere, ndi pa fret yomaliza ndi lamanja. Yang'ana chapakati, cha pa fret ya 7 kapena 8. Mpata wa pakati pa nsambo ndi fret uyenera kukhala wongokwana kakhadi ka mayunitsi a foni. Ukakula kuposa pamenepo, ndiye ntchito ya truss rod, chitsulo chimene chili m'kati mwa khosi. Pempha mwiniwakeyo kuti muyese kuipotoza pang'ono chabe, kota ya kuzungulira, ndi kiyi yoikwana bwino. Ikatembenuka mbali zonse ziwiri, uli pabwino. Ikakana, usaikakamize, ikhoza kuthyokera m'kati. Ikamangozungulira osagwira kanthu, inafa kale.

Uliza fret iliyonse pansambo iliyonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osathamanga. Pena mawu amafa, pena amalira ngati njuchi. Yang'ananso ma fret atatu oyamba, amene anthu amagwirapo makodi, ngati anakumbika timaenje. Kukumbika pang'ono n'kwabwinobwino pa gitala yazaka zimenezi. Akakhala kuti aphwatalala onse, dziwa kuti kusintha ma fret ndi ntchito yodula kuposa gitalayo.

Ma pickup ndi osavuta. Lumikiza pa amplifaya, tenga sikuludiraiva, gogoda pang'ono pamwamba pa iliyonse uku ukusuntha siwichi. Yamoyo imayankha kuti "thu" m'sipika. Usavomere zoti "kulibe magetsi, koma imalira". Ngati kulibe, dikira abwere, kapena munyamule mupite pomwe pali jenereta.

Lead_wa_pa_Kamwendo:

Madala anena zoona pa za khosi, koma ine ndikutsutsaniko pang'ono, achimwene. Ndimaimba m'maukwati kuno ku Mchinji mpaka kutsidya ku Chipata, ndipo gitala zakale ndazigwira zambiri, makamaka ku Zambia kumene magulu oimba ndi magitala amagetsi anachuluka m'ma 1970. Zina ndi zokoma ndithu. Koma kukhalitsa si ubwino. Zambiri zinapangidwa zotchipa kalelo ndipo zidakali zotchipa, kungoti zakalamba.

Teisco ija ndi chitsanzo. Kampani imeneyo inagulidwa ndi Kawai mu 1967, ndipo magitala ake a m'ma 1960 azungu amawasaka chifukwa cha maonekedwe ndi ma pickup ake. Koma ambiri buriji yake, pamene nsambo zimatsamira pathupi la gitala, ndi kachitsulo kamodzi kongopingasa, simungasunthe nsambo iliyonse payokha. Zotsatira zake, mukachuna bwino nsambo zosadina, mukakwera kumtunda kwa khosi mawu aphonya. Inu mukuimba ndi kwaya, pali kiyibodi pambali panu. Mudzakhala mukumenyana nayo Sabata lililonse, ndipo anthu adzati vuto ndi inu. Nsambo zokwera choncho zimapweteka zala, munthu umafika poiopa gitala yako yomwe. Ngati agogowo ndi achibale, apatseni fetelezayo mwaulemu, muisunge ngati chuma, koma isakhale yoimbira.

Ine ndikadakhala inu ndikanayang'ananso Yamaha Pacifica yogwiritsidwapo kale ntchito. Zinayamba kutuluka mu 1990, ndiye zoyambazo nazonso zakula. Kapena Squier, imene ndi ya Fender yomwe koma yotsika mtengo. Zoyamba za mu 1982 zinkapangidwa ku Japan ndipo masiku ano zinakwera mtengo, koma za ku Korea ndi za ku Indonesia zimapezeka. Ubwino wake zipangizo zake zimalowana ndi zambiri za mtundu wa Stratocaster, pomwe pa Aria chinthu chikathyoka mwina muyenera kuboola bowo latsopano.

Chinanso: tsitsani pulogalamu yochunira pa foni musanapite. Lizani nsambo yosadina, kenako dinani pa fret ya 12. Noti iyenera kukhala yomweyo. Ikaphonya pang'ono, onani ngati timasikuluwu ta pa buriji tikutembenuka kapena tinagwidwa dzimbiri.

Mayi_wa_kwaya_Mtunthama:

Ine za ma pickup sindilowererapo, koma ndimasunga zida za kwaya yathu ndipo ndikuchenjezeni pa za magetsi, mwana wanga. Mwati mulibe amplifaya, tsiku lina mudzaifuna. Zambiri zakaunjika zochokera ku Japan ndi za 100V, za ku America 120V, pomwe magetsi athu ndi 230V. Mnyamata wathu wina anabwera ndi ina, anangosintha pulagi n'kulumikiza, utsi tolo. Muziwerenga kumbuyo kwake musanapereke ndalama.

Komanso tikamaimba panja, mawaya ongolumikiza opanda earth aja ndi oopsa. Nsambo za gitala yamagetsi zimalumikizana ndi waya wa earth wa amplifaya, ndiye pakakhala vuto, woimba akagwira gitala mlomo n'kukhudza maikolofoni, zimamugwira. Ndaona mwana akugwetsa gitala pakati pa nyimbo chifukwa cha zimenezi. Pulagi ya mano atatu ikhale ya mano atatu, lachitatulo musalichotse.

Ndipo musaikoleke pakhoma pafupi ndi malata. Kutentha kwa mu Okutobala kuno mukukudziwa, kenako dzinja chinyontho. Thabwa limayenda. Ngati ilibe chikwama chake, telala akusokereni cha nsalu yokhuthala.

Wokonza_mawailesi_KU:

Mayi anena zofunika kwambiri. Ndiwonjezereko za nsambo: usaike za gitala yabokosi ija. Pickup ndi maginito, imamva chitsulo. Za nailoni sizilira n'komwe, zamkuwa zija zimalira mofooka komanso mosafanana. Ugule zolembedwa electric, za saizi 9 kapena 10, mapaketi awiri ukapita ku Lilongwe, chifukwa yaing'ono ija imaduka nthawi yosayenera. A pa Kamwendo sakunama za Pacifica, koma ineyo gitala imene ili pafupi, yoti ungaigwire, kuiliza ndi kubwererako mawa ukapeza vuto, ndimaiika patsogolo pa imene uyenera kuisaka.

Wa_ku_Santhe:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Wa ku Lilongwe uja nditamupempha zithunzi za kumbuyo wangoti ena akuifunanso, ndifulumire. Ndamusiya.

Dzulo ndinakwera minibasi kupita pa boma ndi mnzanga woimba kiyibodi, titanyamula kaamplifaya kakumpingo pamiyendo. Bambo aja anatilandira bwino, anatipatsa mpando pakhonde n'kutikokera chingwe cha magetsi kuchokera m'nyumba. Khosi ndinaliyang'ana monga munanenera, madala, ndi lowongoka mbali zonse, kungoti mpata wa pakati unali waukulu, makhadi awiri amalowa. Kiyi yake anali nayo m'kachitini ka zomangira njinga. Itangotembenuka pang'ono, nsambo zinatsika ndipo dzanja langa linamva kusiyana pomwepo. Ma pickup onse awiri ayankha. Ndi aakulu aja, ndipo phokoso la "mmm" limene gitala yakumpingo imachita pano silikumveka. Ma fret awiri oyamba akumbika pansi pa nsambo yachiwiri, koma mawu sakufa.

Titaichuna ndi kiyibodi, mnzangayo anayamba nyimbo imene timatsegulira mapemphero, ine n'kulowa. Mayi a pakhomopo anasiya kupeta n'kubwera kudzaima pakhomo. Ndinawaonetsa bambowo za voliyumu ndi ma fret aja, tinakambirana, tinamvana pa K180,000. Yotsalayo ndigula nsambo ndi chingwe chabwino, ina ndiyamba kusungira amplifaya. Agogo a ku Chinkhoma ndikawauza ndekha kuti sinditenga, ndisawasiye akudikira.

Funso langa lomaliza: kogwirira voliyumu kaja ndigule katsopano, kapena kangatheke kukonzedwa? Ndipo ngati ndi kugula, ndikanene kuti chiyani m'sitolo?

Wokonza_mawailesi_KU:

Usagule kaye. Nthawi zambiri ndi fumbi chabe, timapoperamo mankhwala otsukira n'kukapotoza kangapo, kamasiya. Kakakanika, ma pickup aakuluwo ndi ma humbucker, amayenda ndi pot ya 500k (pot ndilo dzina la kavoliyumuko m'sitolo), ndipo nambala yake imakhala italembedwa kumbuyo kwa kakaleko. Ubwere nayo Loweruka m'mawa magetsi akakhalapo, tikatsegule limodzi kuti uone m'kati mwake. Khosilo ulisiye lipume masiku awiri kapena atatu, usalipotozenso mpaka ndilione.