Makolo akusayina koma ana sakuwerenga, ndipange bwanji?

Madam wa Std 2:
Aphunzitsi anzanga ndithandizeni nzeru. Ndinakonza kapepala koti mwana akawerenga kunyumba kholo lizisayina tsiku ndi tsiku, ndiye mapepala akubwera osayinidwa bwinobwino Lolemba mpaka Lachisanu koma ukayang'anitsitsa ukuoneratu kuti asayina zonse nthawi imodzi m'mawa mwana ali kale ndi chikwama kumsana. Ndikamuitana mwana yemweyo kuti andiwerengere akungoyang'ana chithunzi n'kumalota mawu. Makolo ena andiuza poyera kuti iwowo sukulu sanapite patali ndiye athandiza bwanji. Mabuku ndi ochepa ndipo a hedi safuna kuti azipita kunyumba poti amabwerako ong'ambika.

Sir Phiri:
Madam siginecha ija isiyeni kaye, imangokuuzani kuti pakhomopo pali cholembera basi. Funso langa, chomwe mukuwapatsa kuti akawerenge ndi chani? Ngati muli maphatikizo omwe simunawaphunzitse mwanayo kunyumba sangawerenge olo kholo litakhala pompo usiku onse.

Madam wa Std 2:
Ndimalemba ndime pa bolodi iwo n'kukopera m'makope

Sir Phiri:
Apo ndiye pali vuto lina, mwana wa Std 2 akakopera yekha b amasanduka d, mawu amamatirirana opanda mpata, kunyumba akawerenga zolemba zake zomwe ngakhale inu mungavutike nazo. Dulani makatoni tizidutswa tokwana m'manja mulembe nokha ndi maka, ziganizo zitatu kapena zinayi, mawu ake akhale a maphatikizo omwe mwadutsa kale m'kalasi. Ngati sabata ino muli pa ma me mi mo mu musaikemo mawu ngati nkhwangwa kapena ntchentche, amenewo adikire nthawi yake. Cha kunyumba chizikhala chophweka kuposa cha m'kalasi chifukwa kumeneko kulibe woti amuwongolere. Ndipo khadi likatayika palibe amene alire, a hedi awo mabuku awo akhala bwinobwino mu kabati.

Mayi Tembo:
Ndionjezepo pa za makolo osadziwa kuwerengawo. Musawapemphe kuti aphunzitse mwana, apempheni kuti amvetsere basi. Ku Haringey ku London kunachitika kafukufuku, a Tizard ndi anzawo anamusindikiza mu 1982, ana ankatenga mabuku kukawerengera makolo awo mokweza kangapo pa sabata ndipo anapita patsogolo kuposa anzawo amene ankapatsidwa maphunziro oonjezera kusukulu, ndipo ena mwa makolowo chingerezi cha m'mabukumo sankatha kuchiwerenga. Ubwino wake kwa ife mwana akuwerenga chiyankhulo chomwe agogo ake akumva, ndiye akaphonya mawu chiganizo chimamveka chopanda mutu agogo aja amati eh wati chani, mwana n'kubwereranso. Ntchito yatheka kale pamenepo. Akamaliza amufunse kuti nkhaniyo ikuti chani, mphindi 10 zakwana.

Teacher Joe:
Ine ndimapereka nyenyezi pa tchati, amene wawerenga masamba ambiri pa sabata amawina. Ana amalimbikira heavy

Mayi Tembo:
Achimwene, amene amalimbikira ndi omwe amatha kale aja. Wovutika uja akaona kuti mzake ali ndi nyenyezi 20 iye ziwiri amangozisiya, ndiye odziwa akupitirira kudziwa osadziwa akutsalirabe, zomwe katswiri wofufuza za kuwerenga, Stanovich, analemba mu 1986. Nyenyezi ikhale ya kuti lero wawerenga mosadodoma kuposa mmene iye mwini anawerengera Lolemba.

Madam wa Std 2:
Chabwino zamveka, koma popanda kusayina ndidziwa bwanji kuti wawerengadi? Ana ndi ambiri sindingamve aliyense tsiku lililonse

Sir Phiri:
Khadi limodzi akhale nalo masiku atatu, awerenge lomwelo mobwereza usiku uliwonse, kubwerezako ndi komwe kumachotsa kudodoma. Tsiku lobweza khadi muitane ana asanu kapena asanu ndi mmodzi mwachisawawa, asadziwiretu kuti lero ndi ndani, aliyense mphindi imodzi pa tebulo panu pamene enawo akuwerengerana awiriawiri. Amene wawerenga kunyumba mumamudziwa pa chiganizo choyamba penipeni. Koma chenjerani ndi oloweza, alipo ana amayimba khadi lonse maso ali kudenga, ameneyo mulozereni mawu apakati kapena ayambire chiganizo chomaliza kubwerera m'mwamba.

Mayi Tembo:
Ndipo womvetsera asakhale kholo lokha ayi, mkulu wake wa Std 5 kapena 6 nthawi zambiri ndi amene amapezeka. Ingomuuzani kuti mng'ono wake akakakamira adikire pang'ono asanamuuze mawuwo, chifukwa akuluakuluwa amafulumira kuyankhira komanso kuseka.

Teacher Joe:
Nkhani zolemba pa makhadi zikakutherani onani African Storybook kapena Bloom Library pa intaneti, ndi zaulere ndipo za Chichewa zilipo, kungoti muzisankha poti zina mawu ake ndi olemera kwa Std 2

Madam wa Std 2:
Zikomo nonse. Makhadi ndiyamba ndi gulu lomwe likuvutika kwambiri lija kaye poti kulemba a kalasi yonse pakamodzi dzanja lingathyoke. Sir Phiri, makhadiwo mumawalemba manambala kuti mudziwe lomwe mwana watenga kale?

Sir Phiri:
Eya, nambala kumbuyo kwa khadi, ndiye mu rejista yanu pa dzina la mwana muzingolemba nambalayo. Akabweza 4 atenge 5, amene wadodoma kwambiri abwerere nalo lomwelo masiku ena awiri.