Kodi khalidwe la munthu limateteza nzeru zake akakalamba?

NaBanda, Mufakose:
Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za umoyo. Bambo anga ndi mng'ono wawo anabwera kuno ku Harare, ku Zimbabwe, kuchokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1960, ndipo onse awiri apitirira zaka 80. Bambo anga ndi munthu wadongosolo kuyambira kale: amadzuka nthawi imodzimodzi, sataya lisiti, ndipo mpaka lero ndiwo amasunga kaundula wa bungwe lathu lothandizana pa maliro. Bambo aang'ono akhala munthu wankhawa moyo wawo wonse, wosachedwa kukhumudwa ndiponso wosakonda kucheza, ndipo tsopano amafunsa funso limodzi kangapo pa tsiku ndi kusokoneza mayina a zidzukulu. Kodi khalidwe lawo ndilo labweretsa kusiyana kumeneku, kapena zangochitika?

Phiri, Highfield:
Mayi NaBanda, funso lanu ofufuza analiganizira kale. Mu 2007, akatswiri a pa yunivesite ya Rush ku Chicago anafalitsa zimene anapeza atatsatira ansembe, masisitere ndi ena odzipereka ku mpingo wa Katolika pafupifupi 1,000 kwa zaka zofika 12. Amene anali adongosolo kwambiri, odziletsa ndiponso omaliza chimene ayamba, chiopsezo chawo chodwala matenda oiwalaiwala otchedwa Alzheimer chinali chotsika ndi 89 peresenti poyerekeza ndi amene analibe khalidweli. Kafukufuku wina wa mu 2023, amene anaphatikiza anthu oposa 44,000, anapezanso kuti nkhawa zosatha ndi kukhumudwa msanga zimayendera limodzi ndi chiopsezo chachikulu.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti atayeza ubongo wa ena mwa anthuwa atamwalira, sanapeze kuti ubongo wa anthu adongosolo unali wosawonongeka kuposa wa anzawo. Zikuoneka kuti matenda amalowa ndithu, koma munthu wozolowera kulemba zinthu, kusunga nthawi ndi kuchita zinthu mwa ndondomeko amatha kupitiriza moyo wake kwa nthawi yaitali vutolo lisanaonekere.

Namwino wopuma, Mabvuku:
Zimene anena a Phiri n'zoona, koma ndikuopa kuti wina angawerenge n'kuyamba kuimba mlandu wodwala, ngati kuti nkhawa anachita kuzisankha. Khalidwe silimagwira ntchito palokha. Munthu wadongosolo ndi yemwenso amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse, amapita kukayezetsa shuga pa tsiku limene anamuuza, ndipo kawirikawiri sasuta fodya. Akatswiri a magazini ya zachipatala ya Lancet anatchula mu 2024 zinthu 14 zimene anthu angathe kuzisintha, zomwe pamodzi zimakhudza pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalaiwala, ndipo pakati pake pali kuthamanga kwa magazi, shuga, kusamva bwino, kusaona bwino, mowa wambiri, kuvutika maganizo ndi kudzipatula. Pa zimenezi banja lingachitepo kanthu ngakhale mkuluyo atakhala wamakani.

Mayi, ndikufunseni zinthu ziwiri. Kodi bambo aang'onowo amamva bwino? Okalamba ambiri amene ndinawasamalira ankafunsa funso kawiri chifukwa yankho loyamba sanalimve, ndipo ankasiya kucheza chifukwa cha manyazi. Chachiwiri, kodi nkhawazo zawonjezeka posachedwapa? Kusintha kwa khalidwe paukalamba nthawi zina kumakhala chizindikiro choyamba cha matendawo. Apititseni ku kiliniki ya khonsolo, ndipo mupite ndi munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, chifukwa wodwala mwiniwake amakonda kunena kuti ali bwino.

Mkulu wa mpingo, Mbare:
Ine si wachipatala, koma ndayendera okalamba ambiri a mpingo wathu wa CCAP. Vuto la makolo athu ochokera kumudzi ndi lakuti anzawo amene anabwera nawo anatha, ena anabwerera ku Malawi, ndipo zidzukulu zimalankhula Chishona ndi Chingerezi basi. Munthu amene anali wosakonda kucheza kale amatsala yekhayekha. Ndaona akuluakulu amene pakhomo amangokhala duu, koma mukawalankhula Chichewa kapena kuwaikira bawo patsogolo, amayamba kufotokoza za ku Dedza ndi ku Ntcheu mwatsatanetsatane. Pa za nkhawa, kumbukirani kuti ntchito ya Friendship Bench, imene Dr. Dixon Chibanda anayambitsa kuno ku Mbare, imaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo pa mabenchi a pa makiliniki. Ndikupemphanso kuti muwafotokozere anansi msanga, chifukwa wokalamba akasochera usiku n'kupezeka pakhomo la eni, anthu ena amathamangira kunena kuti ndi mfiti.

NaBanda, Mufakose:
Zikomo nonse. Mayi namwino, bambo aang'onowo wailesi amaitsegula mokweza kwambiri moti anansi amadandaula, choncho tiyamba ndi kuwayezetsa makutu ndi BP. Bambo mkulu wa mpingo, ngati mukudziwa okalamba amene amasewera bawo cha kuno ku Mufakose kapena ku Kambuzuma, chonde ndidziwitseni.