Ma euro 300 a malume ndi nkhani ya giraundi

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Chidziwitso: malume aku Hamburg atumiza ma euro 300 oti athandize timu ya anyamata kumudzi. Alandira ndi a msungichuma. Tiyeni tiwathokoze.

Wapampando: Zikomo kwambiri malume, Mulungu abwezeretse pomwe mwachotsapo.

Kochi: Tathokoza bwana. Koma ndineneretu pompano kuti ife ndi anyamata tinagwirizana kale zoti tituluke mu ligi ya zoni. Giraundi chiionongereni namondwe Freddy mu Malichi palibe chachitikapo. Pakati penipeni pali chimwala chachikulu ngati minibasi, golo yakumunsi ikungooneka kamtanda kokha mumchenga, dzulo ndapeza wina wamangirirapo mbuzi. Nde timenyera pati?

Malume aku Hamburg: Kochi mawu oti kutuluka mu ligiwo ndisawamvenso. Ndalamazi ndatumiza chifukwa cha zomwe ndinaona ndi maso angawa Lachiwiri pa 7 Novembala 2023, ndinapita ku bwalo la Volksparkstadion kuno ku Hamburg kukaonera Shakhtar ndi Barcelona, tikiti anandigulira mnzanga wakuntchito. Pa bolodi analemba kuti Shakhtar ndi eni bwalo. Eni bwalo ku Germany! Kwawo ndi ku Donetsk ku Ukraine, ali ndi chibwalo chawochawo Donbass Arena cholowa anthu oposa 50,000, chinachititsako ndi Euro 2012, koma chichokereni mu 2014 nkhondo itabuka kumeneko sanapondemonso. Zaka 9 akungobwereka mabwalo, Lviv, Kharkiv, Kyiv, chaka chatha Warsaw, pano kuno. Anthu amenewo ndi omwe achinya Barcelona 1-0, Sikan wamwetsa ndi mutu. Inu mwala umodzi mukuti tituluke?

Mphwake wa mlembi: Malume gemu imeneyo tisaikambe chonde, ena mutu ukutipwetekabe kkkk

Achemwali aku Joni: Ine ndingofunsa nawo. Ma eurowo afika liti, asinthidwa liti? Paja kwacha yagwa Lachinayi pa 9 ndi 44 peresenti. Ngati anafika Lachitatu nkukasinthidwa Lachisanu ndiye pali kusiyana kwakukulu. Tiuzidwe m'makwacha ndi tsiku lake.

Msungichuma: Achemwali mwayambapotu.

Achemwali aku Joni: Sindinayambe ayi, ndikupitiriza. Matumba 40 a simenti aja mpaka lero.

Malume aku Hamburg: Tadikirani kaye mlongo wanga ndimalize. Chomwe chinandigwira ine sichigolicho ayi. Pambali panga panakhala mayi wina atafunda mbendera yawo yachikasu ndi buluu, mpira uli mkati foni yake inalira ngati sayirini ya ambulansi, anaiyang'ana, nkuyimbira munthu, anayankhula mawu awiri atatu nkudula, kenako nkupitiriza kuchemerera. Pa hafu taimu ndinamufunsa, akuti ndi ka app kochenjeza kuti kwawo kukubwera mabomba, amafuna amve ngati mayi ake atsikira kuchipinda chapansi. Ndinakhala chete ine. Ndipo ligi yawo imaseweredwa momwemo. Russia italowa pa 24 Febuluwale 2022 mpira unaima, sizoni ija sinathe, Shakhtar inali pamwamba koma chikho sanapatse aliyense. Pa 23 Ogasiti chaka chomwecho anayambiranso, Shakhtar ndi Metalist 1925 ku Kyiv, 0-0, mubwalo mopanda sapota ndi mmodzi yemwe. Lamulo lake sayirini ikalira refa aimitsa gemu, osewera onse matimu onse awiri akabisale, ikatha abwerere nkupitiriza pomwe analekezera. Tsiku lotsatira ku Lviv gemu ya Rukh ndi Metalist inatenga maola 4 ndi mphindi 27 chifukwa choimaima. Koma anaimaliza.

Kochi: Zomvetsa chisoni bwana koma iwowo bwalo lobwereka amalipira. Ife kobwereka ndi kutsidya ku sukulu kuja ndipo mukudziwa mmene tinasiyanirana nawo anthu amenewo.

Wapampando: Za kutsidya zija zinakambidwa kwa amfumu, zinatha.

Kochi: Zinatha kwa inu a pampando, amene anagendedwa ndi ine.

Aphunzitsi opuma: Ndilowepo pang'ono. Malume mukunena zoona koma mwasiya mbali ina. Shakhtar mwini wake ndi Rinat Akhmetov, mpondamatiki wa zitsulo ndi magetsi. Timu imeneyo siyendera kapepala ka msonkhemsonkhe ngati ife. Tisafanizire njovu ndi kalulu.

Malume aku Hamburg: Aphunzitsi ulemu wanu, koma ndalama zinawaletsa osewera kuthawa? FIFA inaloleza osewera akunja kuimika makontirakiti, timu yomwe inkadalira ma Brazilian inatsala mbee. Tetê ku Lyon, David Neres ku Benfica, Dodô ku Fiorentina, Solomon wa ku Israel uja ku Fulham, kochi De Zerbi naye anapita, mumudziwa, uja anakalowa ku Brighton mu 2022. Anatsala ndi tiana takumudzi ta ku akademe, ndi Traoré wa ku Burkina Faso yemwe sanachoke. Ndege mu Ukraine siziuluka, amakwera basi maola ambirimbiri kuoloka bodala kupita ku Poland nkukakwerera ndege kumeneko, akamenya gemu abwererenso pa basi kukamenya ya ligi. Ndi miyendo yotupa pa basi imeneyo anakaswa Leipzig 4-1 kwawo komwe, mawa lake kochi wa Leipzig ntchito inatha. Real Madrid ku Warsaw inachita kupulumukira mkamwa mwa mbuzi, Rüdiger anabweza mphindi yothaitha mpaka kung'ambika pamphumi, 1-1. Ligi ya 2022/23 anatenga. Ife kutsidya ndi mphindi 40 wapansi.

Mphwake wa mlembi: Nanga za Feyenoord bwanji simukunena malume? 7-1 ku Rotterdam sizoni yomweyo kkkk

Malume aku Hamburg: Anagonja atapita. Inu mukufuna kugonja muli pakhonde.

Mlamu wa ku Area 25: Chomwe ndikudziwa ine nchoti anatigulitsa Mudryk ku Chelsea ma euro 70 miliyoni kuphatikiza zina zapamwamba, munthu amangothamanga ngati wamuona apongozi kudambwe. Atibwezere chenji.

Malume aku Hamburg: Mlamu ndalama imeneyo itangolowa mu Januwale Akhmetov analengeza poyera kuti akupereka madola 25 miliyoni kwa asilikali omwe ankateteza mzinda wa Mariupol ndi mabanja awo.

Achemwali aku Joni: Ehee pamenepo! ANALENGEZA POYERA. Mwamva a msungichuma? Anthu ali pa nkhondo mabomba akugwa koma akudziwa kuti zalowa zingati zapita kuti. Ife kuli mtendere koma kabuku ka ndalama kanasowa.

Msungichuma: Kabuku kananyowa ndi Freddy, ndinanena pa msonkhano wa Epulo. Nyumba yanga inagwa mbali imodzi aliyense anaona.

Achemwali aku Joni: Simenti inasowa Freddy asanabadwe nkomwe. Ine ndinatumiza ma randi anga ndikukolopa m'nyumba za anthu kuno, mawondo anachita kuda, kalavati mpaka lero tikuolokera pa mtengo wa bulugama.

Msungichuma: Funsani amene anasunga kiyi wa sitolo. Sindine.

Mlembi: Ngati mukunena ine tchulani dzina.

Wapampando: Abale abale. Nkhani ndi giraundi.

Mlamu wa ku Area 25: Komanso tisamangoti Ukraine Ukraine, feteleza wa matani 20,000 anabwera mu Malichi uja anachokera ku Russia. Tizikumbukira.

Aphunzitsi opuma: Nanga mtengo wa feteleza ndi mafuta ophikira unakwera chifukwa cha chani mlamu? Si nkhondo yomweyo?

Mlamu wa ku Area 25: Thumba lake inu munaliona kumudzi?

Aphunzitsi opuma: Mwadzifunsa nokha.

Wapampando: Zandale pagulu pano ayi, tinagwirizana.

Malume aku Hamburg: Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndalamazo ndi zanga ndiye mundimvere. Ma euro 300 sangachotse chimwala chija, chimafuna giredala kapena anthu ophwanya ndi moto ndi hamala kwa milungu. Tikayamba ndi giraundi ndalama ithera m'mawilibala, anyamata abalalika, ena apita ku Mozambique kukagwira maganyu ena Joni, pomwe giraundi izidzatha timu kulibe. Shakhtar ikanati tidikire kaye tibwerere ku Donetsk bwenzi pano tikuiwerenga m'mabuku. Ndiye gulani mipira, laimu, lipirani afiliyeshoni ndi marefa, mupepese kutsidya mupereke kangachepe kwa a komiti ya sukulu, muzimenyera kumeneko mpaka sizoni ithe. Chimwalacho tichione mvula ikatha. Basi.

Kochi: Kupepesa ndani? Ife? Penate inali yoonekeratu bwana, inu munali ku Ulaya.

Malume aku Hamburg: Kochi anzanu akusewera gemu ya pakhomo m'dziko la eni, chiyankhulo china, inu kutsidya kuli azakhali anu enieni.

Kochi: Azakhaliwo ndi amene anayamba kugenda.

Mphwake wa mlembi: kkkkkkk ndafa ine

Aphunzitsi opuma: Ine ndikuona kuti giraundi ndiye chitukuko, chifukwa imatsala. Mpira wa sizoni imodzi ndi kudya chabe. Gulu lino dzina lake ndi la chitukuko, si la masapota. Ndiponso atsikana a netiboli amasewerera pomwepo, iwowo palibe akuwatchula.

Achemwali aku Joni: Zoona aphunzitsi, atsikana amakumbukiridwa pophika nsima ya ma visitazi basi.

Malume aku Hamburg: Ndikanafuna kutumiza za giraundi ndikanalemba giraundi. A mlembi werenganinso uthenga wanga, ndinati TIMU. Ngati zivute ndibwezereni nditumize kwa kochi mwachindunji.

Wapampando: Malamulo a gulu salola ndalama kudutsa kumbali malume, mukudziwa, munalemba nawo.

Msungichuma: Kubweza kuvutirapo pang'ono, zina ndagulako kale laimu matumba awiri.

Achemwali aku Joni: Laimu? Wothira pa giraundi iti? Pa chimwala?

Msungichuma: Ndinamva ngati tagwirizana.

Mlembi: Sitinakumane nkomwe.

Achemwali aku Joni: Risiti. Ya laimuyo ndi ya kosinthira ndalama, tsiku lioneke bwinobwino. Jambulani muponye pano.

Msungichuma: Netiweki ikuvuta kuno, zithunzi sizikupita. Ndiponya madzulo ndikakwera pachulu.

Malume aku Hamburg: Pa 28 Shakhtar ikumenya ndi Antwerp konkuno, ndipitanso ndikujambulireni muone nokha.

Mlamu wa ku Area 25: Mukatipezereko jezi malume, saizi XL.

Kochi: Nde Loweruka ndiwauze chani anyamata, tikupita kutsidya kapena ayi? Refa akufuna yankho mawa m'mawa.

Wapampando: Tikambirana.

Achemwali aku Joni: Kwada tsopano a msungichuma. Chulu chija simunafikebe?