Granite ndi syenite mumazisiyanitsa bwanji ndi maso?

Akuluakulu amene munachitapo geology ndithandizeniko chonde. Tili pa miyala ya igneous (yopangika kuchokera ku magma, mwala wosungunuka ndi kutentha), zoti magma ikazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka timibulu take timakula ndazimva bwinobwino, koma pa QAPF (tchati chogawira miyalayi potengera kuchuluka kwa ma mineral ngati quartz ndi feldspar) mpamene mutu waima. Akuti granite imakhala ndi quartz 20% mpaka 60%, syenite sifika ndi 5% yomwe, pakatipo ndiye quartz syenite, nanga munthu wangogwira mwala ndi ka hand lens basi maperesentiwo umawaona bwanji? Ine quartz ndi feldspar yoyera zikungooneka zofanana, olo anati feldspar imasweka mosalala nkumanyezimira ukaitembenuza. Zikundiwawa chifukwa miyala ya ku Mulanje ndi Zomba ndi yomweyi, ndikufuna ndiziitchula ndekha. Pali kanjira kachidule musanafike pa thin section (kachidutswa kopyapyala ka mwala koonera pa microscope)? Mayeso ayandikira abale.