Chingwe chanji pa kayaki m'damu lodzaza mitengo yomira?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndimakhala ku Chirimba, ndipo Loweruka ndimakonda kukawedza bass pa damu lina la esiteti ya tiyi ku Thyolo. Ndimapalasa kayaki (kabwato kakang'ono kowonda) n'kumaponya nyambo zapulasitiki zija zokhala ngati nyongolotsi. Nsomba zikuluzikulu zimakhala kumtunda kwa damu, kumene kuli mitengo ya bulugama yomwe inamira, nthambi zake zili yangayanga pansi pa madzi.

Reel yanga (chokulungira chingwe cha pandodo) ndi yamtundu wa spinning, saizi 2500, muli nayiloni wa 10lb (nambala yosonyeza kulimba kwa chingwe). Nayiloniyu amatamuka kwambiri. Nsomba ikagwira chapatali, pomwe ndizikoka imakhala yalowa kale m'nthambi, chingwe chimakhuzika pamtengo, kenako thi! Zimandiwawa chifukwa nsombayo imapita ndi mbedza kukamwa.

Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Joni, akuti andigulire braid (chingwe cholukidwa ndi timaulusi tambiri) ya 50lb. Koma nyambo ikakodwa pachitsa, chingwe chotere ndingachidule bwanji ndili pa kayaki? Pamtunda umaponda pansi n'kukoka. Pamadzi ukakoka, kayaki ndi imene imalondola chingwe, ndipo ukapendekera pang'ono wagadabuka. Ndigule chiyani?

Wa ku Namiwawa:
Achimwene, 50lb ayi, pa reel ya 2500 njokula kwambiri. Auzeni alamu agule braid ya 20lb ndi fluorocarbon (chingwe china chooneka ngati nayiloni) ya 15lb. Dulani fluorocarbon mita imodzi ndi theka, mulumikize kutsogolo kwa braid. Braid sitamuka, ndiye mumamva nsomba ikangolawa nyambo, n'kuitembenuza isanafike m'nthambi. Fluorocarbon ndi imene imapirira kukhuzika, komanso sioneka kwenikweni m'madzi. Ikakodwa zedi, chimaduka ndi cha kutsogolocho, kawirikawiri pamfundo, braid yonse n'kubwerera kwa inu.

Musanadule, palasani mupitirire chitsacho mukakokere mbali inayo, nthawi zambiri mbedza imatuluka yokha. Zikakanika, lozetsani mphuno ya kayaki kumene kwakodwako, osakoka cham'mbali. Braid musaikulunge padzanja, imacheka ngati lezala. Yendani ndi kamtengo kokulungapo.

Wa ku Bangwe:
Ine ndikusiyana nawo pang'ono akuluwa. Braid ikakutherani muidikiranso kuchokera ku Joni, pomwe nayiloni mumupeza ku Limbe konkuno. Ikani wa 12lb, mangani drag (buleki ya chingwe ya pa reel) molimbirapo, ndipo yandikirani mitengoyo, poti kayaki siichita phokoso. Chingwe chikakhala chachifupi kutamuka kumachepa. Mwinanso nayiloni wanuyo ndi wakale, dzuwa la mu Okutobala limamufooketsa. Mukagwira nsomba iliyonse, sisitani mita yomalizayo ndi zala. Mukamva kukhakhala, dulani mumangenso. Nsonga ya mbedza muziibisa m'thupi la nyongolotsiyo, kukodwa kumachepa kwambiri.

Mwini funso:
Zikomo nonse. A ku Namiwawa, mfundo yolumikizira ziwirizi ndi iti? Ndikuopa kuti izigunda mumphete za ndodo poponya.

Wa ku Namiwawa:
Mfundo yotchedwa FG ndi yowonda, imadutsa mumphete bwinobwino, koma kuimanga kayaki ikugwedezeka n'kovuta. Imangeni kunyumba Lachisanu madzulo. Pamadzi chikaduka, mangani mfundo ina yotchedwa double uni, braid muizungulize maulendo 8, fluorocarbon 5, munyowetse ndi malovu musanakoke. Mufupikitse cha kutsogolocho kuti mfundo izitsala kunja kwa mphete yakunsonga poponya. Ndodo yanu ndi yaitali bwanji?