Masiku awiri ku Granada: ndiyambire pati kuti ndione Alhambra?

Nachisale wa ku Matawale

Moni nonse. Mu Meyi ndili ndi msonkhano wa kuntchito ku Madrid, m'dziko la Spain, ndipo ukatha nditsala ndi masiku awiri ndisanabwerere kuno ku Zomba. Mtima uli pa mzinda wa Granada, kukaona Alhambra, linga ndi nyumba zachifumu zakale za mafumu achisilamu. Kodi n'zotheka kupita m'mawa n'kubwerako madzulo omwewo, kapena ndikagone komweko? Nanga tikiti ndingakagulire pageti? Odziwa ndithandizeni, viza sindinayiyambe n'komwe.

Che Songani

Mayi, yambani ndi tikiti ya Alhambra, zina zonsezo zitsate pambuyo. Zapageti iwalani. Anthu olowa patsiku ali ndi malire, ndipo mu Epulo ndi Meyi matikiti amatha kudakali milungu ingapo. Gulani pa webusaiti ya eni malowo, Patronato de la Alhambra y Generalife. Mawebusaiti ambiri amene amatulukira pamwamba mukasaka pa Google ndi a anthu ogulitsanso, tikiti yomweyo pamtengo wokwera.

Posankha muonetsetse kuti mwatenga yolembedwa Alhambra General. Imeneyo ndiye imakulowetsani malo onse atatu: Alcazaba, lomwe ndi linga la asilikali, minda ya Generalife, ndi nyumba zachifumu za Palacios Nazaríes. Ilipo ina yotsikirako mtengo ya minda ndi linga basi. Ambiri amaithamangira poona kutchipa, n'kukazindikira ali pakhomo kuti nyumba zachifumu mulibemo, chonsecho n'zimene anadzera. Bwalo la mikango 12 yamwala yosenza kasupe, lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1300 nthawi ya Muhammad V, lili m'menemo.

Tikitiyo imalembedwa dzina ndi nambala ya pasipoti, choncho nyamulani pasipoti yeniyeni, osati fotokope kapena chithunzi cha pafoni.

Tsopano pamene anthu amagwera. Nthawi yolembedwa pa tikiti si yolowera pageti lalikulu ayi, ndi yolowera mu Palacios Nazaríes. Kuchoka pageti lalikulu kukafika pakhomo la nyumbazo ndi mphindi 15 mpaka 20 wapansi, ndiye pamzere pamakhalanso anthu. Tikiti ikati 10:30, inu n'kutsika basi 10:25, mwaluza. Alonda samva kupepesa ndipo ndalama sabweza. Fikani pageti kudakali ola lathunthu. Ngati mukukwera wapansi kuchokera m'tauni muli ndi tikiti kale pafoni, lowerani pa Puerta de la Justicia, mpafupi kwambiri ndi nyumbazo. Chikwama chachikulu chakumsana salola kulowa nacho, mumachisiya posungira katundu, ndiye nyamulani kachikwama kakang'ono. Malo onsewo amadya maola atatu, woyenda mosathamanga anayi.

Mphunzitsi wa ku Chinamwali

Zatikiti Che Songani amaliza. Ine ndinene za viza, poti popanda iyo tikitiyo ndi pepala chabe. Ndi viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, ma euro 90 munthu wamkulu. Mutha kupereka mapepala kudakali miyezi 6, ndipo yankho limatenga masiku 15, nthawi zina mpaka 45, kotero za Meyi musayambe mu Epulo. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osadindidwa, ndipo isathe mphamvu miyezi itatu isanakwane kuchokera tsiku lotuluka ku Ulaya. Inshuwalansi ya zaumoyo ikhale yofika ma euro 30,000 komanso yogwira ntchito m'mayiko onse a Schengen. Spain ilibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe, imatiyang'anira ndi ya ku Harare, choncho alembereni msanga akuuzeni kokapereka mapepala. Polemba masiku a ulendo muphatikizemo awiri a Granada ndi hotela yake. Kalata ya msonkhano ikanena masiku anayi okha, viza ndi inshuwalansi zitha kutuluka zongokwana masiku anayiwo.

Zopita n'kubwera tsiku limodzi, n'zotheka koma sindingalangize. Sitima ya Renfe yochoka pa Madrid Puerta de Atocha imatenga maola atatu ndi theka kapena kucheperako pang'ono. Kupita ndi kubwera ndi maola 7 muli pampando, ndipo sitima ikangochedwa nthawi yanu ya nyumba zachifumu yapita. Pitani tsiku loyamba m'mawa, mugone, Alhambra mulowe m'mawa wa tsiku lachiwiri, mubwerere madzulo. M'miyezi imeneyo amatsegula 8:30 m'mawa n'kutseka 8 koloko madzulo. Pa Atocha katundu amadutsa pamakina ounika, ndipo khomo lopita kusitima amatseka kutatsala mphindi zochepa, ndiye musafike mothamanga. Thumba likakhala lopepuka kwerani basi ya ALSA pa Estación Sur, maola pafupifupi asanu.

Khadi lanu la kubanki mukalitsegulitse kaye kuti lizilipira kunja ndi pa intaneti, mufunsenso malire ake apamwezi. Makadi athu amakonda kukana pa sitepe yomaliza, pamene banki imatumiza nambala yachinsinsi ku foni, ndiye matikiti onsewa gulani muli konkuno nambala yanu ikugwira. Kwacha kumeneko palibe angakusinthireni.

Nachisale wa ku Matawale

Zikomo kwambiri abambo nonse awiri. Koma ndigule tikiti ya Alhambra viza isanatuluke? Ikakanika ndiye ndalama yalowa m'madzi. Komanso ine sindidya nkhumba, kumeneko ndikadya chiyani?

Anaphiri a ku Ndola

Achemwali, gulani. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi viza yomweyo, ndipo kudikira kuti viza ituluke ndiye kupeza atatha. Sitima ndi hotela n'zomwe mungasankhe zololeza kusintha. Matikiti a Alhambra akakhala atatheratu, yang'anani Granada Card kapena Dobla de Oro, matikiti oonera malo angapo mumzindamo, zonsezi zimakhala ndi malo ake olowera ku Alhambra, kungoti mtengo umakwera.

Za nkhumba muchenjere ndithu. Ku Granada mukaitanitsa chakumwa m'mabala ambiri, ngakhale chozizilitsa kukhosi, amakupatsani kambale ka chakudya kaulere kotchedwa tapa, ndipo kawirikawiri mumakhala jamón kapena chorizo, zonse nkhumba. Nenani msanga kuti "sin cerdo", kutanthauza chopanda nkhumba, ndipo mufunsenso za msuzi ndi nyemba, poti amaponyamo tizidutswa ta nyamayo osaiwerengera ngati nyama. Malo odyera a halal ndi ambiri mu Calle Elvira ndi Calderería Nueva. Nkhomaliro kumeneko imayamba cha m'ma 2 koloko, mgonero cha m'ma 9 usiku. Mukapita 6 koloko ngati kwathu kuno mupeza makhitchini ambiri otseka.

Madzulo a tsiku loyamba kwerani ku Albaicín, mudzi wakale wa Asilamu, mukaime pa Mirador de San Nicolás dzuwa likamalowa. Alhambra yonse imaoneka kutsidya, mapiri a Sierra Nevada ali kumbuyo kwake. Mzikiti wa Granada, womwe unatsegulidwa mu 2003, uli pambali pomwepo ndipo m'munda mwake mumakhala anthu ochepa. Musanakwere dzerani ku Capilla Real pafupi ndi tchalitchi chachikulu, komwe kunaikidwa m'manda mfumukazi Isabel ndi mfumu Fernando amene analanda mzindawu pa 2 Januwale 1492. Panja pake pamaima amayi ogawa kanthambi ka rosemary. Mukangokalandira akugwirani dzanja, akuloserani zam'tsogolo, kenako akufuna ndalama. Manja m'thumba, "no, gracias", osaima.

Misewu ya Albaicín ndi yamiyala yoterera, valani nsapato zafulati zogwira pansi. Chitunda cha Cuesta de Gomérez chochoka pa Plaza Nueva kupita ku Alhambra sichingaopse munthu wozolowera kuchoka kumsika wa Zomba kukwera ku Mulunguzi, mphindi 20 mwafika. Mawondo akamavuta, kabasi kofiira ka C30 kamanyamukira pa Plaza Isabel la Católica. Musaiwale adaputa: masoketi awo ndi a mabowo awiri ozungulira, pulagi yathu ya mano atatu silowa.