Aphunzitsi a mwana wanga ndiwathokoze bwanji?

NaPhiri, Mufakose:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi analowa Grade 3 kuwerenga kukumuvuta. Kuno ku Harare, ku Zimbabwe, kunyumba timayankhula Chichewa, kusukulu ndi Chishona ndi Chingerezi, ndiye mutu unkamuzungulira. Aphunzitsi ake, mayi wachikulire ndithu, ankamutsalitsa anzake akaweruka, n'kumawerenga naye pansi pa mtengo poti m'kalasi mumakhala mutalowa ana a masana. Sanandipemphepo ngakhale dola imodzi, chonsecho ena ma extra lesson amalipiritsa. Lero mwanayo akundiwerengera makadi akuchipatala. Mtima ukufuna kuthokoza, koma ndikuopa kuti envulopu ingaoneke ngati chiphuphu. Nditani?

aBanda, Mbare:
Mayi, envulopuyo isiyeni, mungawaike m'mavuto. Dikirani pa 5 October, tsiku la aphunzitsi padziko lonse lomwe lakhala likukumbukiridwa kuyambira 1994. Mwanayo alembe kalata ndi dzanja lake, inu muperekeze ndi chitenje, poyera.

Agogo a ku Highfield:
Mwanawe, wandikumbutsa 2008. Ndalama itasanduka mapepala, malipiro a mwezi osakwanira ngakhale ya kombi, aphunzitsi ambiri anawolokera ku South Africa ndi ku Botswana. Sindiwadzudzula ayi, nawonso anali ndi ana ofuna nsima. Koma alipo amene anatsala, kumabwera wapansi, nsapato zitaphwa zidendene. Makolo tinkasonkherana ufa, mafuta ophikira ndi sopo kuti asathawe. Malemu bambo anga anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito pafamu, kusaina kwawo kunali kudinda chala. Mdzukulu wawo anakhoza mayeso a boma a ZIMSEC m'manja mwa otsala aja, pano ndi namwino. Pita ukawathokoze akadali moyo, ine anga ena ndinakawathokozera pamaliro.

Mphunzitsi wa ku Glen View:
Ine choko ndinachigwira nditatuluka ku koleji ya aphunzitsi ya Morgan Zintec, ndipo makalata a ana ndimasunga m'sutikesi mpaka lero. Koma NaPhiri, onjezani ichi: kauzeni ahedi ndi komiti ya makolo yotukula sukulu (SDC) zimene mayiwo achita. Ku ofesi kumafika madandaulo okhaokha, zabwino zimathera pansi pa mtengo pomwepo. Chinanso, musasiye Chichewa pakhomo poopa kusokoneza mwana. Malamulo a dziko lino a 2013 amachiwerengera pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo mwana wolimba pachilankhulo cha amake zinazo amazitola msanga.

NaPhiri, Mufakose:
Zikomo nonse, makamaka inu agogo. Mpaka October sindidikira, kwa ahedi ndipita Lolemba lomweli. Kodi chitenje chabwino cha Malawi ndingachipeze kuti m'tauni muno?